Kutenga kagalu kopulumutsidwa mu Blantyre: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri akafuna kulera kagalu kotoledwa mumsewu kapena kochokera kumalo osungirako agalu osowa mwini. Nkhani ikakhala kuti yafotokozedwa kale pa funso lina, takulozerani komweko.

Kodi galu wopulumutsidwa ndi galu wotani?

Ndi galu amene analibe womusamala: wotayidwa kudzala kapena m'ngalande ali wakhanda, wosiyidwa ndi anthu posamuka, wobadwira kumsika, kapena wolandidwa kwa mwini wake chifukwa cha nkhanza. Ambiri ndi agalu athu achikuda kapena osakanizika mtundu. Musawaderere. Galu wachikuda ali ndi ubweya waufupi, amapirira kutentha, ndipo pa ulonda sachepa. Agalu ena a mitundu yakunja, monga German Shepherd, matenda a nkhupakupa amawapweteka kwambiri kuposa iyeyu.

Ndingakapeze kuti kagalu kotere?

Bungwe la Blantyre SPCA limasunga agalu osowa mwini ndi kuwapezera mabanja. Ubwino wotenga kubungwe ndi wakuti galuyo amakhala ataonedwa kale ndi dokotala wa ziweto. Funsani zinthu zinayi: katemera amene walandira ndi masiku ake, tsiku limene anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, ngati ndi wofula kapena wotseka, komanso chakudya chimene wazolowera. Nawonso akufunsani za mpanda wanu ndi za anthu a pakhomo panu. Musakhumudwe nazo, chifukwa safuna kuti galu abwererenso mumsewu.

Tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi nkhani ina. Nthawi zambiri timakhala tochotsedwa kwa make tisanafike masabata 8, topanda katemera, ndipo tatha tsiku lonse padzuwa. Timamvetsa chisoni, koma mukagula kamodzi wogulitsayo mawa abweretsa tiwiri.

Ndatola kagalu mumsewu. Ndiyambe ndi chiyani?

Choyamba onani ngati make sali pafupi. Galu woyamwitsa amachoka kukafuna chakudya n'kubwerera, ndipo tiana tonenepa tomwe tagona pamodzi mwakachetechete nthawi zambiri sitinatayidwe. Ngati kalidi kokha, kanyamuleni ndi thaulo kapena chitenje chakale, osati ndi manja okha, n'kukaika m'katoni. Simukudziwa kumene kachokera, ndipo ngakhale kagalu kakang'ono kangathe kukhala ndi chiwewe.

Kunyumba kasungeni pakokha masiku 14, kutali ndi agalu ena ndiponso ana. Ngati kazizidwa, kulungani botolo la madzi ofunda m'nsalu, muike pambali pake, ndipo kayambe kafundidwa musanakapatse chakudya. Kagalu kowonda ndi njala musakakhutitse tsiku loyamba. Kapatseni masipuni ochepa a chakudya chofewa maola atatu aliwonse, ndi madzi oyera. M'mimba mwake simungalandire mbale yodzadza, ndipo chifundo chotere chimapha. Pasanathe masiku awiri pitani nako kwa a vetenale. Ngati kakulumani kapena kukukandani, werengani funso la chiwewe tsopano lino.

Ndingadziwe bwanji msinkhu wake?

Yang'anani m'kamwa. Mano oyamba, ang'onoang'ono osongoka ngati singano, amatuluka pa masabata 3 mpaka 6. Amayamba kugweruka pa miyezi 3 kapena 4, kuyambira akutsogolo. Pofika miyezi 6 mpaka 7 mano akuluakulu amakhala atakwana, oyera mbee. Kagalu kamene sikanatsegule maso sikanakwane masabata awiri, ndipo kotere kamafuna mkaka wapadera wa tiagalu usana ndi usiku. Msinkhuwu ndi wofunika chifukwa katemera, mankhwala ndi kadyetsedwe zonse zimayendera pomwepo.

Kodi udindo wosunga galu ndi waukulu bwanji kwenikweni?

Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 15. Mwana wanu amene akulirira kagalu ali Sitandade 3 adzamaliza Fomu 4 galuyo akadalipo, ndipo wodyetsa adzakhala inu. Choncho musanatenge, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu mugwirizane kuti adzaphika ndani, adzawola manyi ndani m'mawa uliwonse, ndipo mukapita kumudzi kumaliro kapena pa Khirisimasi galuyo adzatsala ndi ndani.

Pa ndalama, chaka choyamba ndiye cholemera. Pali katemera maulendo atatu, mankhwala a njoka kangapo, opaleshoni yofula kapena kutseka, khola, kolala ndi chingwe. Kenako pamatsala zosatha: chakudya tsiku lililonse, mankhwala a nkhupakupa, katemera wobwereza, ndi kangachepe koika padera pa matenda odzidzimutsa. Pitani kwa a vetenale mufunse mitengo ya zonsezi musanatenge galu, osati mutatenga kale. Ngati ndiwo za banja zikuvuta kumapeto kwa mwezi, palibe manyazi kunena kuti chaka chino ayi.

Nthawi nayo ndi mtengo. Kagalu kosakwana miyezi 4 sikangakhale kokha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngati nonse mumalawirira ku Limbe kapena m'tauni n'kubwera kutada, ndipo pakhomo sipatsala munthu, tengani galu wamkulu. Agalu akuluakulu ndi amene amakhalitsa kumalo osungirako chifukwa aliyense amathamangira tiana.

Ndimakhala nyumba ya lendi, ndipo ilibe mpanda. Ndingasunge galu?

Yambani mwafunsa eni nyumba, ndipo muganizirenso kuti nyumba yotsatira mukadzasamuka angadzakukanizeni. Agalu ena oyendayenda m'makwalalamu anasiyidwa tsiku losamuka.

Popanda mpanda n'zovuta. M'malo othinana monga Ndirande, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilobwe, galu womasuka amagundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto, amadya zoola kudzala, amalimbana ndi agalu osabayitsa, ndipo amakuyambanitsani ndi aneba pa nkhani ya nkhuku. Ngati mpanda wa njerwa simungakwanitse, tchingani kamalo ka waya kapena nsungwi kuseri kwa nyumba, kokhala ndi mthunzi, ndipo muzimuyendetsa pachingwe m'mawa ndi madzulo. Kumumanga pa unyolo usana wonse si yankho, monga muonere m'munsimu pa funso la ulonda.

Ndikonzeretu chiyani kagalu kasanafike?

Mbale ziwiri, ya madzi ndi ya chakudya, makamaka zachitsulo chifukwa zapulasitiki kamatafuna. Pogona pouma, pokwera pang'ono kuchoka pansi, poyala saka kapena bulangete lakale. Khola la malata okhaokha limasanduka ng'anjo mu Okutobala, choncho limangeni pamthunzi, likhale ndi polowera mphepo, koma khomo lisayang'ane kumene kumachokera mphepo ya chiperoni ya mu Juni ndi Julaye. Kolala ikhale yoti zala ziwiri zilowe pakati pa iyo ndi khosi, ndipo muziiyesa sabata iliyonse, chifukwa kagalu kamakula msanga ndipo kolala yoiwalika imalowa m'mnofu. Waya kapena chingwe cha nayiloni m'khosi ayi.

Zungulirani mpanda mutseke mabowo onse a pansi pa geti ndi potulukira madzi. Chotsani mankhwala a makoswe, feteleza ndi mankhwala a mbewu pamalo ofikirika. Dzenje la chimbudzi kapena chitsime chosavundikira muvundikire.

Kakulira usiku wonse ndipo kakukana kudya. Kodi kadwala?

Masiku awiri kapena atatu oyamba kulira n'kwachibadwa, kakusowa make ndi anzake. Kagonekeni pafupi ndi pamene pali anthu, m'katoni yokhala ndi nsalu ndi botolo lofunda lija. Musaitane ana a m'dera lonse kudzakaona. Kagalu kamene kanazunzidwapo kamabisala pansi pa mpando. Kasiyeni katuluke kokha, musakakoke. Ena amazolowera pa sabata imodzi, ena mpaka miyezi.

Kudwala kumaoneka mosiyana: kufooka, kusanza, kutsegula m'mimba, nkhama zotuwa. Kagalu kakang'ono kakatha tsiku lathunthu osadya chilichonse, musadikire lachiwiri.

Kodi nsima yotsala ndi yokwanira?

Yokha ayi. Kagalu kokulira nsima ndi msuzi basi kamakhala ndi mimba yaikulu, miyendo yopindika ndi ubweya wosasalala, chifukwa nsima imapereka mphamvu koma simanga thupi kapena mafupa. Ngati mukuphika nokha, gawo limodzi mwa magawo atatu a mbale, kapena kuposerapo, likhale la zomanga thupi: usipa kapena bonya wophika n'kusinja ndi minga yake yomwe, mazira ophika, zam'kati za nkhuku kapena ng'ombe, nyama yotsala kubutchala. Gawo lotsalalo likhale phala lolimba la mgaiwa kapena mpunga, ndi dzungu kapena masamba pang'ono. Usipa wouma muyambe mwautsuka kuti mchenga ndi mchere zichoke. Chiwindi n'chabwino koma pang'ono, kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Chakudya cha m'matumba cholembedwa kuti ndi cha tiagalu chimakhala ndi zonse zofunika, ndipo muyezo wake umalembedwa pathumbapo molingana ndi kulemera kwa galu. Ngati ndalama zanu sizingakwanitse mpaka kalekale, yesetsani miyezi 6 yoyamba, pamene mafupa akukula mofulumira.

Kadyetseni kanayi pa tsiku mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Posintha chakudya sakanizani chatsopano ndi chakale kwa sabata imodzi, mukuonjezera chatsopanocho pang'onopang'ono. Kusintha tsiku limodzi kumatsegulitsa m'mimba. Muyezo wabwino ndi nthiti: muzizimva mukasisita, koma zisaoneke ndi maso. Madzi akhalepo nthawi zonse.

Ndi zinthu ziti zimene galu sayenera kudya?

Anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake, ndipo n'chifukwa chake ndiwo zotsala zapatebulo sizoyenera kukhala chakudya chake cha masiku onse. Chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa galu. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya matumbo, ndipo chitsononkho cha chimanga chimatseka matumbo mpaka opaleshoni. Mkaka wa ng'ombe umatsegulitsa m'mimba tiagalu tambiri.

Mankhwala a anthu monga Brufen ndi Panado musamupatse mwa nzeru zanu. Galu akayamba mwadzidzidzi kutuluka dovu, kunjenjemera, kusanza ndi kugwa, ganizirani poizoni monga tameki, amene akuba ndi anthu okwiya amaponya m'mipanda. Thamangani naye kwa dokotala nthawi yomweyo. Mkaka ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni, zimangotayitsa nthawi.

Katemera amafunika uti, ndipo liti?

Pali awiri. Woyamba ndi wophatikiza, woteteza ku parvo (matenda osanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi), distemper (matenda a chifuwa, mamina ndi kunjenjemera) ndi matenda ena. Amabayidwa pa masabata 6 mpaka 8, kubwereza pakatha masabata 3 kapena 4, mpaka womaliza pa masabata 16. Chifukwa chobwerezera ndi chakuti chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa make chimalepheretsa katemera kugwira, ndipo chimatha pa nthawi yosiyana kwa kagalu kalikonse. Jekeseni imodzi ya pa masabata 6 siyokwanira. Kufikira katamaliza, kasatuluke kunja kwa mpanda, ndipo kasakumane ndi agalu osabayitsa.

Wachiwiri ndi wa chiwewe, pa miyezi 3, ndi kubwereza chaka chilichonse. Kagalu kotola kamene mbiri yake simukuidziwa katengeni ngati sikanabayitsepo. Khadi la katemera lisungeni pamodzi ndi mapepala ofunika a pakhomo. Tsiku limene galu wanu adzalume munthu, khadilo ndi limene lidzakuyankhulireni.

Bwanji mukulimbikira za chiwewe? Galu wanga satuluka.

Chifukwa chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika, kwa galu ngakhale kwa munthu, ndipo olumidwa ambiri ndi ana. Imfa za ana zimene zinkachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth n'zimene zinachititsa kuti bungwe la Mission Rabies liyambe katemera wa agalu waulere mu Blantyre mu 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi Blantyre SPCA. Chaka chimenecho agalu opitirira 35,000 anabayidwa mumzindawu m'masiku 20. Cholinga chimakhala kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse, chifukwa pamenepo matendawa amalephera kufala. Mukamva kulengeza kuti akubaya pasukulu ya kwanuko, pitani naye, ngakhale ali kamwana. Za kusatuluka, geti imaiwalika, ndipo galu wachiwewe amalowa yekha.

Galu wachiwewe amasintha khalidwe: wofatsa amalusa, wolusa amafatsa modabwitsa, amaluma mitengo ndi miyala, mawu amasintha, nsagwada imalendewera, dovu limatuluka. Musamupise dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musathire ubweya wootcha kapena mankhwala azitsamba pabala. Majekeseni akayambika muwamalize pa masiku amene achipatala anena. Dziwitsaninso a vetenale. Galu woluma akapezeka asaphedwe mwachisawawa, atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10.

Kagalu kakusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Ndichite chiyani?

Kawirikawiri ameneyo ndi parvo, amene amapha tiagalu tosabayitsa m'masiku ochepa. Chimbudzi chake chimanunkha moipa kwambiri, kagalu kamakana madzi, maso amalowa. Chimene chimapha ndi kutha madzi m'thupi, choncho kamafuna diripi ndi mankhwala oletsa kusanza kwa dokotala, lero lomwe. Tambiri timachira tikafika msanga.

Kachilomboka n'kolimba, kamakhala m'dothi miyezi yambiri mpaka chaka. Pa simenti, mbale ndi khola, yambani mwatsuka ndi sopo, kenako thirani kapu 1 ya Jik yosakaniza ndi makapu 30 a madzi, n'kusiya mphindi 10. Zogonera muotche. Dothi silitsukika, choncho pakhomo pamene pafera kagalu ndi parvo musabweretsepo kena kosamaliza katemera. Ambiri amataya tiagalu tiwiri kapena titatu motsatizana n'kumati pakhomopo pali mphepo, koma vuto lili m'dothi.

Nanga njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi mphere?

Pafupifupi kagalu kalikonse kotola kali ndi njoka. Mankhwala amaperekedwa masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako miyezi 3 iliyonse, ndipo muyezo umatengera kulemera, choncho kayezeni pa sikelo. Zina mwa njokazi zimalowa ana osewera padothi. Wolani manyi tsiku lililonse, ndipo ana asambe m'manja.

Nkhupakupa zimachuluka nyengo ya mvula, ndipo zimabweretsa matenda otha magazi. Galu amatentha thupi, nkhama zimatuwa kapena kuchita chikasu, mkodzo umada, nthawi zina magazi amatuluka m'mphuno. Muzifufuza m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Pali mapiritsi, mankhwala odonthezera pakhosi ndi dibi, koma funsani oyenera msinkhu wake. Dibi ya ng'ombe yosakaniza mongoyerekeza yapha tiagalu tambiri.

Mphere zimachizika ndi mankhwala a kwa dokotala. Oyilo wakale wa galimoto amaotcha khungu, ndipo galu akamanyambita amadya poizoni. Tizotupa tokhala ndi kabowo pakati nthawi zambiri ndi mphutsi, zochokera ku ntchentche zoikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo kapena pa zogonera. Pakani Vaseline pakabowo, dikirani mphindi zingapo, finyani pang'ono kuti ituluke yathunthu, ndipo sinthani pogona.

Kodi kufula kapena kutseka galu n'kofunikadi? Sangakhale waulesi?

Galu wamkazi amayamba kufuna amuna pa miyezi 6 mpaka 12, amatero kawiri pa chaka kwa masabata pafupifupi atatu, ndipo bere lake ndi la masiku 63. Ana 6 kapena 8 paulendo umodzi si zachilendo. Mukawerengera zaka zisanu, muona kumene tiagalu ta m'ngalande timachokera. Kutseka kumatetezanso ku mafinya a m'chiberekero. Wamphongo wofula sathawathawa usiku kukalimbana ndi anzake. Palinso chotupa chopatsirana pokwerana, chimene chimatulutsa magazi kumaliseche, ndipo chafala pakati pa agalu oyendayenda. Chimachizika ndi majekeseni a sabata ndi sabata, koma kupewa n'kotchipa.

Nthawi yabwino ndi cha pa miyezi 6, malinga ndi uphungu wa dokotala. Ntchitoyi ndi opaleshoni yogonetsa, osati ya lezala kapena mphira kuseri kwa nyumba. Bala lisanyowe ndipo asalinyambite kwa masiku 10 mpaka 14. Kuuwa ndi kulondera sikutha. Chimene chimasintha ndi chakuti amanenepa msanga, choncho chepetsani chakudya pang'ono.

Ndikaphunzitse bwanji kuchita chimbudzi panja ndi kusiya kuluma nsapato?

M'mera mpoyamba. Katulutseni pamalo amodzimodzi kakangodzuka, kakangodya ndiponso kakamaliza kusewera, komanso maola awiri aliwonse. Kakachita pamalopo kayamikireni nthawi yomweyo ndi kachidutswa ka chakudya. Kakaonongera m'nyumba pukutani mwakachetechete. Kukamenya kapena kukakhudzitsa mphuno pa manyi kumangokaphunzitsa kubisala pochita.

Kutafuna kumakula pa miyezi 3 mpaka 7 chifukwa cha mano. Bisani nsapato ndi mawaya, kapatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo. Kakaluma dzanja posewera, siyani masewerawo n'kuchokapo. Mawu akhale amodzi kwa onse a pakhomo: ngati ndi "khala", aliyense azinena "khala". Mphindi zisanu kawiri pa tsiku n'zokwanira.

Ndikufuna wa ulonda. Kodi ndimutsekere usana kuti akhale wolusa?

Ayi. Galu wotsekeredwa m'kakhola kamdima kapena womangidwa pa unyolo waufupi salusa chifukwa cha kulimba mtima koma chifukwa cha mantha, ndipo sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba kapena wowerenga mita ya madzi. Ambiri olumidwa ndi agalu otere ndi a pakhomo pomwepo. Kumudyetsa tsabola, chamba kapena mavu ndi nkhanza chabe, ndipo kumamudwalitsa.

Ntchito ya galu wa ulonda ndi kuuwa kuti mudzuke. Amachita zimenezi yekha akakula, kawirikawiri akamayandikira chaka, chifukwa amadziwa kuti pano ndi pake. Miyezi itatu yoyamba azolowere anthu osiyanasiyana, ana, nkhuku ndi phokoso la galimoto, ali m'kati mwa mpanda. Galu wodziwa za masiku onse ndi amene amazindikira chachilendo.

Kodi ndi bwino kukhala naye pamene pali ana aang'ono?

Inde, bola wamkulu akhalepo. Ana aphunzire kusamukhudza akamadya, akagona kapena akamayamwitsa, kusamukoka mchira ndi makutu, ndiponso kuima chilili osathamanga galu wachilendo akawayandikira. Auzeni kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga ndipo sakalipiridwa. Ana ambiri amabisa bala poopa chikwapu.

Zikadzandikanika, ndidzatani naye?

Musakamutaye ku Michiru kapena kumsika poganiza kuti akadzionera yekha. Galu woleredwa pakhomo sadziwa kudzifunira chakudya. Ngati vuto ndi khalidwe, monga kuuwa kosalekeza kapena kukumba, nthawi zambiri gwero lake ndi kusungulumwa ndi kusayenda, ndipo a vetenale angakuthandizeni. Ngati mukusamuka kapena ndalama zavuta, yambani kufunafuna banja lina mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane, kaoneni nokha kumene akupitako, ndipo mupereke khadi la katemera pamodzi ndi mbale ndi zogonera zake. Ngati munamutenga kubungwe, adziwitseni iwowo poyamba musanamupereke kwa wina aliyense.